Kupereka makiyi ukadali ndi moyo

Chakumayambiriro kwa 2025 mafoni athu anadzadza ndi mavidiyo a ku Prayagraj ku India, kuja kunali Maha Kumbh Mela, chikondwerero chachikulu cha Ahindu chimene chinayamba pa 13 Januwale nkudzatha pa 26 Febuluwale, pamalo pomwe mitsinje ya Ganga ndi Yamuna imakumana. Ambiri tinangoona chinamtindi cha anthu ndi azibambo odzola phulusa thupi lonse aja nkumati awa mutu sukuyenda. Koma ine inandigwira mtima ndi vidiyo ina yaifupi: azibambo ambirimbiri ometa mpala, aliyense kansalu kamodzi basi, akhala pamzere m'mbali mwa mtsinje mbandakucha kukuzizira, akuumba timibulu ta ufa nkumatiika pa tsamba. Timibulu timeneti Ahindu amati pinda, ndipo mwamwambo amapereka kwa makolo amene anatisiya. Nde anthu awa amaperekanso kwa iwo eni ake. Amachita okha maliro awo akupuma, kuti akadzuka pamenepo dzina lakale latha, mtundu watha, cholowa chatha.

Mu gulu lathu la pa WhatsApp wina analemba kuti uku nkuthawa udindo basi, munthu wamkulu kusiya mkazi ndi ana nkukagona mu tenti. Wina anati ayi, awa ndiye oyera mtima enieni, ife tangokhala akapolo a ndalama. Ine ndikuti onse awiri ayang'ana mbali yolakwika. Anthu a phulusa aja ali kumathero kwa nkhani, ndipo Ahindu amene amafika kumeneko ndi ochepa kwambiri. Chimene chandikhazika pansi ine ndi gawo la pakati, lomwe palibe amalijambula chifukwa lilibe chooneka, lija loti munthu wamkulu amapereka makiyi a pakhomo mphamvu akadali nazo, popanda womuthamangitsa.

Chiphunzitso chake amachitcha ashrama, ndipo chimagawa moyo wa munthu panayi. Masiku ano amakonda kunena kuti gawo lililonse zaka 25, kuwerengera moyo wa zaka 100, koma manambalawo musawagwire kwambiri. Poyamba brahmacharya, mnyamata ali kwa mphunzitsi, akuphunzira Veda, malemba awo opatulika akale kwambiri, akutola nkhuni za moto wopatulika, za akazi ayi. Kenako grihastha, mwini khomo: kukwatira, kubereka, kupeza chuma, kulandira alendo. Apa ndi pomwe anthu ambiri amadabwa, chifukwa amaganiza kuti Chihindu chimanyoza ndalama ndi za m'banja. Ayi ndithu. Pa zolinga zinayi za moyo zimene amaphunzitsa, chuma, chomwe amati artha, ndi chisangalalo, chomwe amati kama, zilipo limodzi ndi dharma, kuchita zoyenera, komanso moksha, kumasulidwa. Buku la malamulo la Manusmriti, la zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, limati magawo ena onse amatsamira pa mwini khomo ngati mmene mitsinje yonse imakathera mnyanja. Ndipo nzoona eti, wopemphetsa uja akatambasula mbale, amene amaikamo mpunga ndi mayi amene sanathawe kukhitchini kwake.

Buku lomweli limati munthu amabadwa ndi ngongole zitatu, kwa aphunzitsi akale, kwa milungu, ndi kwa makolo. Yoyamba umabweza pophunzira, yachiwiri popereka nsembe, yachitatu pobereka ana. Ndipo limanena mosabisa kuti wofuna kumasulidwa asanabweze ngongolezi amapita pansi, osati kumwamba. Gwirani pamenepo, tibwererapo.

Nde gawo lachitatu, vanaprastha, kunena kuti wolowera kunkhalango. Chizindikiro chake sichaka chobadwa chapa chiphaso, ndi zinthu zitatu zimene munthu amaziona yekha: makwinya pathupi, imvi kumutu, ndi mwana wa mwana wake. Ukaona zimenezo nthawi yakwana, siya khomo mmanja mwa ana, mkazi wako ngati akufuna mupite limodzi, ngati ayi atsale ndi ana. Lero sikuti agogo a ku Pune kapena Chennai akukhamukira mnkhalango, ayi, ambiri amangotula bizinesi kwa ana, kuchepetsa katundu, kupita ku maulendo opatulika, ena kukakhala miyezi ku Rishikesh kapena Haridwar, ena kumathandiza pa kachisi kapena pa sukulu mwaulere. Womaliza ndiye sannyasa, wa maliro uja: amadula chingwe chopatulika, amameta, amavala nsalu ya mtundu ngati katondo, ndodo ndi kamtsuko ka madzi mmanja, dzina latsopano. Akadzamwalira zenizeni nthawi zambiri samuwotcha ngati Ahindu ena, amamuika mmanda, poti mwambo wa maliro unachitika kalekale.

Chifukwa chiyani ndikukakamira gawo lachitatu? Ndili ndi amalume anga amene anamanga golosale ndi chigayo kuchokera pa zero, ndi njinga yakapalasa komanso thumba limodzi la mchere. Ine fizi yanga ya sekondale inachokera mu kabati ya golosale imeneyo, choncho musaganize kuti ndikuwanyoza. Pano adutsa zaka 75, maso akuvuta, sikelo sawerenganso bwino, koma makiyi onse ali pa chingwe mchiuno, usiku amaika kunsi kwa pilo. Mwana wawo wamkulu ali ndi zaka 40 zakudutsa, ali ndi ana atatu, koma akafuna kuoda sopo katoni imodzi amayenera kuima pakhomo kudikira bambo adzuke. Ndamuonapo ataima choncho, manja kumbuyo ngati mwana wa sitandade 4, ndipo nkhope yake sindidzaiwala. Amalume sioipa. Kugwiritsitsa kumene kunawapulumutsa mu zaka za njala ndi komweko kukuwadya lero, ndipo palibe anawauzapo kuti moyo uli ndi gawo lina kutsogolo lomwe ntchito yake ndi kutsegula dzanja.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti Ahindu anaganiza mozama. Iwo sanasiye kutula pansi kuti kukhale ngozi yobwera ndi matenda kapena kalata ya penshoni. Kutula pansiko anakupatsa dzina, anakupatsa ulemu, anakuika mu ndondomeko yomwe mwana amaimva akadali wamng'ono, moti pofika imvi munthu sadzimva kuti wachotsedwa, amadzimva kuti wakwera kalasi. Mu Mahabharata, nthano yawo yaikulu ya nkhondo ya pachibale, muli chithunzi chimene chimandikhudza. Nkhondo ya Kurukshetra itatha, mfumu yosaona Dhritarashtra inakhala zaka 15 kunyumba yachifumu kenako nkunyamuka kupita kunkhalango ndi mkazi wake Gandhari. Awo mutha kunena kuti analibe chotsalira, ana awo anathera kunkhondo. Koma amene anawatsatira ndi Kunti, mayi wa opambana, mwana wake ali pampando, nthawi yoti adyerere itangokwana kumene. Ana analira, anamuchonderera, iye anapitabe. Timati akulu ndi mdambo mozimira moto, koma dambo limakhala kumunsi, silikhala pamwamba pa phiri kulimbirana malo ndi moto womwewo.

Funso ndi loti munthu angasiye bwanji popanda kumva ngati akufa. Chifukwa ngati iwe ndiwe golosale yako, ngati ndiwe bwana, abusa, a tcheya, ndiye kupereka makiyi ndi kudzikwirira. Apa ndi pomwe chiphunzitso cha umodzi chimalowa, ndipo ine ndikuona kuti popanda icho magawo aja ndi kalendala chabe.

Mu Chandogya Upanishad, limodzi mwa mabuku awo opatulika a nzeru zakuya, muli bambo Uddalaka ndi mwana wake Shvetaketu. Mnyamata anapita kusukulu ali ndi zaka 12, nkubwera ali ndi 24, wamaliza Veda yense, mapewa mmwamba. Bambo ake osamukalipira, anangoti tenga mchere uyu uike mmadzi ubwere mawa. Mmawa akuti tandipatsa mchere uja. Mnyamata apisa dzanja, palibe. Akuti lawa cha mbali iyi, bwanji? Mchere. Lawa pakati? Mchere. Mbali inayo? Mchere. Nde akumuuza kuti chimodzimodzi chenicheni cha zonse sungachione ndi maso koma chili ponseponse, ndipo iweyo ndiwe chimenecho, mu Sanskrit, chilankhulo cha malembawa, tat tvam asi. Anamutumanso kukatenga chipatso cha banyan, mbale wake wa kachere wathuyu, kuti aswe kambewu kake, mkati osaonamo kanthu, koma mu kupanda kanthu komweko ndi momwe mwatuluka chimtengo chonse. Ndinayesapo za mcherezi ndi kapu yanga ya tiyi usiku wina, zachibwana mwina, koma kulawa madzi amene akuoneka oyera mbee nkupeza mchere paliponse pamene waika lilime kumakuphunzitsa zimene maulaliki ataliatali amalephera.

Advaita Vedanta, chiphunzitso cha mphunzitsi wamkulu Adi Shankara, imatenga mawu amenewa mpaka kumapeto: atman, chenicheni cha mkati mwako, ndi Brahman, chenicheni cha zonse, si ziwiri. Si Ahindu onse amavomereza. Mphunzitsi wina, Ramanuja, anati mzimu uli mwa Mulungu ngati thupi ndi mwini wake koma sufafanizika, Madhva wa ku Udupi anati ayi Mulungu ndi munthu ndi osiyana mpaka kalekale, ndipo olambira ena a ku Bengal amati iwo akufuna kulawa shuga osati kusanduka shuga. Ineyo ndinakulira mu tchalitchi, ndipo pa nkhani imeneyi mtima wanga uli kufupi ndi a shugawa, kunena kuti ine ndi Mulungu ndife amodzi pakamwa panga sipatuluka. Koma olo utenge kagawo kakang'ono kokha, koti iwe si udindo wako, si akaunti yako ya kubanki, si dzina lolembedwa pachitseko cha ofesi, dzanja limayamba kumasuka. Mu Brihadaranyaka Upanishad, Yajnavalkya atafuna kuchoka pakhomo anauza mkazi wake Maitreyi kuti akufuna kumugawira chuma iye ndi mkazi mnzake, Katyayani. Maitreyi anafunsa kuti kodi dziko lonse litadzadza chuma nkukhala langa, sindidzafa? Mwamuna anayankha zoona, kuti ayi, moyo wako udzangokhala ngati wa anthu olemera basi. Mayi uja anati nde ndichite nacho chiyani, ndiuzeni zimene mukudziwazo. Taonaninso kuti bamboyu sanazembe usiku, anayamba wakhala pansi kukonza za pakhomo.

Apa tabwerera pa ngongole zija, ndipo mnzanga wa pa WhatsApp amene anati nkuthawa udindo ali ndi mfundo yake. Mkati mwa Chihindu momwemo mkanganowu ndi wakale. Jabala Upanishad imaloleza kudumpha mzere, imati tsiku lomwe mtima wako waleka kukhumba za dziko, tsiku lomwelo nyamuka. Shankara yemweyo, wobadwira ku Kaladi ku Kerala zaka zoposa 1,200 zapitazo, anasiya zonse ali kamnyamata, mwana yekhayo wa mayi wamasiye. Nthano imati mayi ake anavomera pokhapokha ng'ona itamugwira mwendo mumtsinje. Koma nthano yomweyo imati analonjeza kuti adzabwera pa imfa yawo, ndipo anabweradi, nkuwotcha mtembo wa mayi ake yekha abale atakana kumuthandiza chifukwa sannyasi saloledwa kuchita mwambo umenewo. Munthu amene anaphunzitsa kuti zonse ndi chimodzi anaswa lamulo chifukwa cha mayi mmodzi. Mako ndi mako. Ine gawo limeneli ndi lomwe limandipangitsa kumukhulupirira.

Koma si onse ali Shankara. Bambo wa zaka 35 amene wasiya mkazi ndi ana aang'ono nkuvala nsalu ya katondo, ine sindimuombera mmanja, ndipo lamulo la ukwati wa Ahindu la 1955 ku India linachita kuika kuti ngati mnzako wasiya za dziko nkulowa gulu la chipembedzo, chimenecho ndi chifukwa chokwanira chothetsera banja kukhoti. Lamulo silikanalembedwa pakanapanda azimayi otsala mmanja muli mbee. Bhagavad Gita, gawo lotchuka la Mahabharata, nayo nkhani yake ndi yomweyi, msilikali Arjuna akufuna kuponya uta pansi akakhale wopemphetsa, mulungu Krishna akumukaniza, akumuuza kuti wosiya weniweni ndi amene amagwira ntchito yake osadalira phindu lake, osati amene wangozimitsa moto wa pakhomo nkukhala. Usiye chimene wachigwira nkuchimaliza. Kusiya chimene sunachinyamule nkomwe ndi ulesi wovala mkanjo.

Pali china cholemera kuposa apa, ndipo sindingachilambalale. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndondomeko yokongola ya magawo anayi ija mmabuku akale sinali ya aliyense, inali ya amuna a ma caste atatu apamwamba, caste kukhala gulu limene munthu amabadwiramo. Shudra, a gulu lachinayi la antchito, ayi, mkazi payekha ayi, nanji anthu amene ankatchedwa osakhudzika, omwe lero amadzitcha Dalit. Anthu omwewo amene ankaloweza kuti mchere uli ponseponse mmadzi ankaletsa anzawo kutunga pachitsime. Mu Malichi 1927 B. R. Ambedkar, mtsogoleri wa ma Dalit, anachita kutsogolera gulu ku Mahad kuti akangomwa madzi pa dziwe la onse, ndipo pa 25 Disembala chaka chomwecho anawotcha Manusmriti pagulu, buku lomwe ndalitchula bwino pamwambapa. Sindimuweruza olo pang'ono, mmenemo mulidi mawu ankhanza okhudza anthu ake. Malamulo aakulu a India a 1950 anathetsa mchitidwe wa kusakhudzika pa pepala, koma mmidzi yambiri mpaka lero nkhani ilipobe.

Nde kodi umodzi uja ndi bodza? Ine ndikuti ayi, koma umayesedwa pachitsime, osati pamapemphero. Pali nthano yoti Shankara ku Varanasi anakumana ndi munthu wonyozeka uja ali ndi agalu anayi, nkumuuza kuti apatuke, munthuyo nkufunsa kuti chipatuke nchiyani, thupi kuchoka pa thupi linzake kapena mzimu umene mukuti ndi umodzi? Shankara anagwada. Ndipo pali munthu weniweni amene anatenga funso limeneli nkuligwiritsa ntchito, Narayana Guru wa ku Kerala komweko, wa mtundu wa Ezhava womwe sunkaloledwa mu akachisi a akuluakulu. Mu 1888 ku Aruvippuram anatola mwala mumtsinje nkuupatula yekha kukhala wa mulungu Shiva, ntchito yomwe inali ya ma Brahmin okha, gulu la ansembe, ndipo kenako anatsegula akachisi ndi masukulu ambiri, akuphunzitsa kuti mtundu ndi umodzi, chipembedzo chimodzi, Mulungu mmodzi kwa munthu. Advaita yomweyo, koma yotsika pa guwa nkuyenda pansi. Chiphunzitso chimene chingagwiritsidwe ntchito kudzudzula eni ake omwe ine ndimachipatsa ulemu.

Chomaliza chimene ndikuopa, ndipo ndikuchiopa kwambiri chifukwa ndikudziwa mmene ana ena alili, ndi choti wina awerenge izi nkuthamangira kwa bambo ake kuti mwamva, perekani makiyi. Ayi. Vanaprastha ndi chisankho cha mwini imvi, si chikwanje cha mwana wadyera. Ku Vrindavan kuli azimayi amasiye masauzande, ambiri ochokera ku Bengal, ovala zoyera, amene amakhala maola akuimba nyimbo za Krishna kuti apatsidwe kampunga ndi timakobidi, ndipo ambiri mwa iwo sanasankhe za kupatulika ayi, anachita kutayidwa ndi abale amene amafuna nyumba ndi munda. Kumutaya mayi ako nkumati wapita kukapemphera ndi tchimo lowirikiza. Boma la India mu 2007 linachita kupanga lamulo lokakamiza ana kusamala makolo okalamba, ndipo mmenemo muli ndime yoti ngati kholo linapereka katundu kwa mwana pa mgwirizano woti azilisamala koma mwanayo nkulephera, kuperekako kutha kufafanizidwa katundu nkubwerera. Dziko limene linaphunzitsa za kutsegula dzanja ndi lomwelo laona kuti dzanja lotseguka limafunika wolitchinjiriza.

Ndikaganiza zimenezi ndimawamvetsa amalume. Mantha awo si ndalama kwenikweni, ndi oti tsiku limene makiyi adzachoke mchiuno ndi tsiku limene anthu adzasiye kugogoda pachitseko chawo. Pa Khrisimasi yapitayi ndinakhala nawo pakhonde madzulo, ndinawafotokozera za makwinya, imvi ndi mdzukulu, za Kunti, za mchere mmadzi, mmene ndikanathera. Anamvetsera osayankha, akusisita mdzukulu wawo amene anagona pamiyendo pawo. Kenako anandifunsa funso limodzi lokha, kuti kunkhalangoko ana ankapita kukawaona? Ndinati eya, mu nthano ija ana a Kunti ananyamuka ndi akazi awo ndi anthu ambiri kukawayendera, anakhalako pafupifupi mwezi. Anangogwedeza mutu.

Mu Febuluwale msuweni wanga anandiimbira foni kuti bambo amupatsa kiyi wa stoo ya katundu, amasula okha pa chingwe mmawa wina popanda kunena zambiri. Wa kabati ya ndalama ndi wa chigayo akadali nawo mchiuno. Msuweni akuti tsopano madzulo aliwonse akatseka amapita pakhonde paja ndi kope la maoda, kukawawerengera mokweza zimene zalowa ndi zimene zatuluka, poti maso awo saonanso manambala.